Mthunzi Woloza ku Michiru

Lachiwiri m'mawa, patapita masiku atatu chiphedwere telala Mikaili, mzungu wa polisi ya ku Limbe anatseka faelo n'kutsamiritsapo chipewa chake. Apolisi akuda ankamutcha Bwana Mapepala, poti kwa iye mawu a pakamwa anali mphepo chabe. Choona chinali chimene chalembedwa kapena kudindidwa.

"Mlandu watha, Sajeni," anatero. "Sumaili apita ku Zomba mawa, galimoto ya seveni koloko."

Sajeni Twaha anaima chilili kutsogolo kwa tebulo. Anali atamenya nkhondo ya Jeremani, nagwira upolisi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ankadziwa kuti munthu wopita ku Zomba ndi mlandu wakupha amakathera pa chingwe.

Nkhani yake inali yotere. Loweruka cha m'ma teni koloko m'mawa, Mikaili anapezeka atagona kuseri kwa mashedi a fodya pafupi ndi njanji, mutu utaphwanyidwa ndi chitsulo. Amene anagwidwa pomwepo anali Sumaili, dalaivala wa lole, malaya ali psuu ndi magazi. Anthu a kumsika anachitira umboni kuti sabata yathayo awiriwa anatukwanizana poyera. Koma mkazi wa malemuyo anatchula dzina lina. Anati mwamuna wake anatuluka m'mawa umenewo kukakumana ndi Wilkins, kalaliki wa kampani ina yolemba anthu ntchito za kumigodi.

Wilkins ataitanidwa Lolemba, anabwera atavala taye, chithunzi chili kale m'thumba. Chithunzicho tsopano chinali patebulo, chachikulu ngati tsamba la buku. Wilkins, atavala jekete, anaima pakhomo pa tchalitchi chaching'ono cha ku Chirimba, pansi pa chipata cha masamba a nthochi chimene anamangira ukwati wa Loweruka lomwelo.

"Taona," anatero mzunguyo, akugogoda ndi pensulo. "Ndinapitako ndekha dzulo. Woima pojambulira, Michiru ali kudzanja lamanja, Ndirande kumanzere. M'mawa mthunzi uloza ku Michiru. Madzulo uloza ku Ndirande. Uwu ukuloza kuti?"

"Ku Michiru, bwana."

"Ndiye ndi m'mawa. Ndipo ndi wautali, naini kapena teni koloko. Munthu sangakhale ku Chirimba ndi ku Limbe nthawi imodzi. Dzuwa silinama, Sajeni."

Twaha anayang'anitsitsa chithunzicho. Khomo pakati, zenera uku, zenera uku, palibe chachilendo. Chimene chinkamudya chinali china. Pa zaka zonse za ntchito yake anali asanaonepo munthu wosalakwa akubwera ku polisi umboni uli kale m'thumba. Wosalakwa amabwera ali mbuu, akuchita chibwibwi, osakumbuka ngakhale chimene anadya dzulo.

"Ndipatseni tsiku la lero lokha, bwana. Ndi chithunzichi."

Mzunguyo anapumira m'mwamba n'kukankha chithunzicho ndi chala. "Mpaka faifi koloko. Chikada ndi thukuta lako, udzandiona."

*

Sumaili anakhala pansi m'chitokosi, atatsamira khoma, diso limodzi litatupa.

"Mwabweranso kudzafunsa zomwezija?" anatero osadzuka. "Lembani zomwe mukufuna, ine ndatopa."

"Magazi aja anabwera bwanji pa malaya anu?"

"Kodi inu mukapeza m'bale wanu akupumira m'magazi, mumayamba mwavula malaya? Ndinamunyamula! Ndinkafuna ndimuike pa lole ndithamangire naye kuchipatala. Anatsirizikira m'manja mwangamu."

"Anthu akuti munatukwanizana."

Sumaili anaseka chiseko chowawa. "Anandisokera mkanjo wolekeza m'mawondo ngati wa mwana wa sukulu. Ndikanamuyamikira? Ine ndi Mikaili tinalowa jando limodzi kwathu. Takhala tikutukwanana chiyambire tsiku limenelo. Tsiku limene sitinatukwanane ndiye kuti wina wadwala."

"Ananenapo kanthu asanatsirizike?"

"Milomo inkagwedera, koma mawu osatuluka. Ankangokanda pachifuwa panga, apa pali thumbapa." Anatembenukira kukhoma. "Pitani, Sajeni. Mzungu wanu wagamula kale."

*

Halimatu, mkazi wa malemuyo, anali m'masiku a chisoni, sankatuluka m'nyumba. Analankhula ndi Twaha ali kuseri kwa nsalu yotchinga pakhomo, mawu ake ochepa ngati akuwawerenga.

"Jekete la a Wilkins anasoka ndi amuna anga chaka chatha. Mabowo a mabatani ndinasoka ndine. Sabata yatha analibweretsa kuti tikonze thumba lamkati."

"A Wilkins akuti anadzalitenga Lachisanu."

"Lachisanu linagona pa msomali uwo. Loweruka amuna anga anatuluka nalo lili pamkono."

"Nanga munthu amaphedwa chifukwa chokonza thumba, mayi?"

Twaha anamva mayiyo akusendera kufupi ndi nsalu.

"Ndinauza kale mzungu wanu zimene ndikudziwa. Anandifunsa ngati ndimadziwa kuwerenga kalendala." Nsalu inagwedezeka pang'ono. "Mukadzakhulupirira choyamba, ndidzakuuzani chachiwiri."

*

Wilkins anali atauza apolisi kuti chithunzicho anachitsuka ndi Fabiano, wojambula zithunzi wa kuseri kwa msika. Fabianoyu anali munthu wamfupi wadazi, wophunzira ntchitoyi kwa abambo a ku mishoni, ndipo Limbe yense ankadziwa kuti mwezi wathawo analandira pa sitima ya ku Beira makina okulitsira zithunzi. Twaha anamupeza akupukuta mbale pakhonde.

"A Sajeni! Mwabwera kudzajambulitsa? Mendulo zanuzo zingatuluke bwino zedi, makamaka pa pepala lalikulu..."

Twaha anangotulutsa chithunzi chija.

"Munatsuka ndinu?"

"Pepalali ndi langa, eya. Ndine ndekha ndili nalo kuno."

"Sindinafunse za pepala."

Fabiano anatenga chithunzicho ndi nsonga za zala, nachipendeketsa padzuwa, nachinunkhiza. Nkhope yake inasintha, mantha n'kusanduka mkwiyo wa mmisiri.

"Ayi, izi ndiye zonyoza. Taonani m'mphepetemu, mbali iyi yakula, iyi yachepa. Taonani chikasu ichi pakona, sanachitsukuluze mokwanira, pofika Khirisimasi chidzakhala chitafufuma chonse. Ine ndingatulutse chinthu chotere pakhomo panga? Ndi dzina langa?"

"Ndiye anatsuka ndani ndi makina anu, pa pepala lanu?"

Fabiano anayang'ana kumsewu. Anapukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma.

"A Fabiano, mawa munthu akupita ku Zomba. Mukandibisira kanthu, galimotoyo ili ndi malo a anthu awiri."

"Mayo ine!" Anakhala pansi pakhondepo. "A Wilkins ndi amene anandithandiza mapepala a ku siteshoni pamene makinawa ankafika. Ndiye ankabwera masana ena kudzaonerera, ine n'kumawaonetsa, poti munthu wophunzira ukamuuza kamodzi wagwira. Lamulungu m'mawa ndikupita ku Misa anandipempha kiyi. Ati akufuna atsuke filimu ya ukwati, adzidzimutse nayo chibwenzi chawo. Pobwerako ndinapeza atapita, thabwa la makina litasunthidwa pa mzere wanga, mbale zosatsuka. Dzulo madzulo ndiye anabwera n'kundiuza kuti aliyense akafunsa, ndinene kuti ndinatsuka ndine."

"Inu osadabwa?"

"Ndinadabwa! Koma kalaliki wa mzungu ukamukana, mawa umapeza chiphaso chako cha ntchito chili ndi vuto."

Twaha sanadziwe ngati amukhulupirire. Munthu wolongolola amatha kubisa njovu m'mawu ake ambiriwo.

"Chithunzi chingathe kunama, a Fabiano?"

"Pepala limanena zimene lauzidwa. Chimene sichinama ndi filimu, ija imakhala m'kamera. Mundipezere filimuyo. Koma mufulumire." Analoza kumwamba, cha ku Thyolo, kumene mtambo wotuwa wa chiperoni unayamba kuunjikana. "Makina angawa amadya dzuwa. Mtambo uja ukafika kuno, ine ndi wakhungu."

*

Fabiano anamuuza kuti kamera inali ya dona wina wa ku Sunnyside, ndipo amene anaibwereka anali Marjorie, yaya wa ana ake, amenenso anali chibwenzi cha Wilkins. Twaha anapalasa njinga kutsika ku Chichiri, nadutsa m'tauni, nakafika thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Marjorie anamulandirira kuseri, pa chingwe choyanikira zovala, maso ali pa zenera la kukhitchini.

"Chonde, Sajeni, mutsitse mawu. Madamu akamva kuti kamera yawo yalowa m'nkhani za polisi, ine ntchito yatha."

"Chithunzi cha a Wilkins munajambula ndinu?"

"Ndine."

"Nthawi yanji?"

Marjorie anafinya thewera lomwe anali atafinya kale. "M'mawa."

"Ukwati usanayambe kapena utatha?"

"Tsikulo linali lotanganitsa, Sajeni. Ine ndinali wothandiza mkwatibwi, kumuveka, kulandira alendo. Sindinkayang'ana wotchi."

"A Wilkins anafika nthawi yanji?"

"Anthu anali ambiri."

"Ndafunsa inuyo. Mwamuna wodzakukwatirani akafika pa khamu, maso anu samuphonya."

Mtsikanayo analuma mlomo. Twaha anadikira, poti ankadziwa kuti chete amakoka mawu kuposa mbama. Koma Marjorie anali wouma mtima kuposa mmene ankaonekera, anangoyanika thewera lija n'kutola lina.

"Chabwino. Ndipatseni filimu."

"Ilibe kanthu. Ndi zithunzi za mkwati ndi mkwatibwi basi."

"Ngati ilibe kanthu, simutaya kanthu. Kapena ndikapemphe kwa dona kukhomo la kumaso?"

Analowa m'kanyumba kake n'kutuluka ndi envulopu. Twaha anatambasula filimuyo kumwamba monga anaonera Fabiano akuchitira ndi chithunzi. Inali mizere iwiri, wina wa tizithunzi tinayi, wina wa titatu. Pamathero a mzere woyamba ndi poyambira pa wachiwiri panali podulidwa ndi lumo mokhota.

"Filimu imodzi imatulutsa zingati?"

"Zisanu ndi zitatu."

"Apa pali zisanu ndi ziwiri."

"A Wilkins anati chawocho chinawonongeka atachitsuka," anatero Marjorie. Koma mawu ake anatsika, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana Twaha m'maso, ngati iyenso akufunsa.

*

Pamene ankabwerera ku Limbe, dzuwa linali litayamba kusewera chibisalirano ndi mitambo. Fabiano anamukokera m'chipinda cha kuseri n'kutseka chitseko, natchinga mpata wa pansi ndi chiguduli.

Poyamba Twaha sanaone chilichonse. Fungo lowawasa linamulowa m'mphuno. Dzanja lake linapita lokha pa ndodo ya m'chiuno, poti anazindikira kuti wadzitsekera mumdima ndi munthu amene sanamukhulupirire. Pang'onopang'ono maso anazolowera kuwala kofiira kochokera pa kagalasi ka pazenera, ndipo anayamba kuona.

Zenera lonse linali lokhomedwa matabwa, kupatula kagalasi kofiirako ndi bowo lina la makona anayi. Pa bowolo ndi pamene panalumikizidwa makinawo, atagona pa tebulo lalitali. Panali chikopa chopindikapindika ngati mvukuto wa wosula, kutsogolo kwake diso lagalasi lovundikiridwa ndi kachipewa, ndipo kumapeto kwa tebulo kunaima thabwa loyenda pa timizere tiwiri ngati njanji.

"Panja pali kalilole," anatero Fabiano, mawu ake atakhazikika tsopano popeza anali kwawo. "Ndikakoka chingwe ichi amapendekeka n'kutunga kuwala kwa kumwamba, kukuponyera m'bowomu. Kuwalako kumadutsa pa filimu, kulowa mu mvukutomu, kutulukira pa disoli, kukagwa pa thabwa. Thabwa likapita kutali, chithunzi chimakula. Musagunde tebulo, chonde, ngakhale kutsokomola kumene."

Anapukuta magalasi awiri ndi kansalu, naika pakati pake kachithunzi kachinayi, kamene kanali moyandikana ndi podulidwa paja, nalowetsa pa bowo. Anakoka chingwe. Anavundukula diso.

Pa pepala loyera lokhomedwa pathabwa panatulukira chimtambo chosaoneka bwino. Fabiano anazungulitsa kachitsulo pang'onopang'ono, mvukuto n'kumatambasuka, mpaka chimtambocho chinauma n'kukhala anthu. Twaha anabwerera m'mbuyo. Mkwatibwi anali atavala zakuda bii, nkhope yake yoyera ngati phulusa, thambo lili lakuda.

"Musaope, filimu ndi mmene imaonera dziko. Choyera chimada, chakuda chimayera. Pepala ndi limene limabweza zinthu m'malo mwake."

Anavundikiranso diso, nachotsa pepala wamba lija, natulutsa m'bokosi kachidutswa ka pepala la zithunzi. Anati ayambe wayesa kaye kuwala, poti pepalalo limachokera kutali, silotaya. Anavundukula, nayamba kung'ung'udza, akusuntha katoni pang'onopang'ono kutsogolo kwa kachidutswako.

"Mukupemphera?"

"Ndikuwerenga. Wotchi ndilibe. Dzuwa likawala bwino, Tikuoneni Maria atatu akwana. Lero mpaka asanu ndi awiri, mwinanso kuposa."

Kachidutswako katamuuza zimene ankafuna, anakhoma pepala lathunthu. Ali pakati powerenga, kuwala kwa pathabwa kunafooka ngati nyali yotha mafuta. Mtambo unali utaphimba dzuwa. Fabiano sanasiye, anangoonjeza mapemphero, thukuta likunyezimira pa dazi lake. Kenako anavundikira, nanyamula pepalalo lili loyera mbee ngati palibe chachitika, naliviika m'mbale yoyamba ndi kapani ka nsungwi.

"Bwanji simugwira ndi manja?"

"Mankhwalawa amadetsa zikhadabo. Zimasanduka zofiirira ngati za wosuta fodya, ndipo sizichoka ndi sopo mpaka chikhadabo chikule. Ophunzira kumene ndi amene amapisamo zala."

Anagwedeza mbaleyo modekha. Twaha anawerama. Pa pepala loyeralo panayamba kuoneka madontho, kenako denga, kenako khomo ndi mazenera awiri, chipata cha masamba a nthochi, mkwati ndi mkwatibwi ataima pamalo omwewo pamene anaima Wilkins. Fabiano analiviika m'mbale yachiwiri, nalisiya m'yachitatu, ndipo patapita kanthawi anatsegula chitseko.

Anaika zithunzi ziwirizo pamodzi pakhonde. Mthunzi wa Wilkins unkaloza ku Michiru. Mithunzi ya akwatiwo inkaloza ku Ndirande.

"Nanga cha kuseri kwa podulidwa paja, chachisanu ndi chimodzi?" anafunsa Twaha.

Fabiano anachiyang'ana kumwamba. "Ku Ndirandenso. Ndipo filimu sibwerera m'mbuyo, Sajeni. Chachisanu, cha a Wilkins chija, chimajambulidwa chachinayi chitatha, chachisanu ndi chimodzi chisanafike."

"Ndiye dzuwa linabwerera m'mawa chifukwa cha munthu mmodzi?"

Fabiano anaima kukamwa kuli yasa. Kenako anadzimenya pa dazi, namugwira Twaha pamkono ngati si wapolisi, namukokeranso mumdima. Anasolola filimu ija pakati pa magalasi.

"Gwirani apa. Mbali iyi ndi yoterera, yonyezimira. Mbali iyi ndi yambuu. Yambuuyi imayenera kuyang'ana ku pepala, ndi lamulo loyamba limene ndinawaphunzitsa a Wilkins. Ndinawauza kuti mukalakwitsa, munthu wamanja amatuluka wamanzere. Taonani."

Anaitembenuza, naibwezera, navundukula diso. Pathabwa paja tchalitchi chinali chomwecho, khomo pakati, zenera uku, zenera uku. Koma mkwati anali atadumphira mbali ya mkwatibwi, ndipo mithunzi yonse inkaloza ku Michiru.

Twaha anatembenukira kwa Fabiano.

"Nditsukireninso chimenecho, chotembenuzacho. Mzungu aone zonse ziwiri." Anaganiza pang'ono. "Koma adzati chake cha Wilkins filimu yake palibe, ndiye ndani angatsimikize kuti anachitembenuza? Pakufunika kanthu pa chithunzi chake chenichenicho."

"Palibe cholembedwa, palibe wotchi," anatero Fabiano akuchiunguza. "Ngakhale tsitsi sanalipatule mbali. Anasankha bwino poima." Anamasula diso la makina lija n'kumupatsa atalikulunga m'kansalu. "Ili limakulitsanso mukaliika pa pepala. Ine ndimadziwa kuwala, zovala sindizidziwa. Mukaligwetsa, Sajeni, mwandipha."

*

Halimatu anatulutsa dzanja kuseri kwa nsalu n'kulandira chithunzi ndi galasilo. Twaha anadikira panja, chiperoni chitayamba kuwaza nkhungu yake yozizira. Sipanapite nthawi.

"Jekete ndi lomwelo," anatero mayiyo. "Koma lasanduka la akazi."

"Mukutanthauzanji?"

"Jekete la mwamuna, mabowo amakhala kumanzere, mabatani kumanja. Mbali ya kumanzere ndi imene imafunda inzake. Apa yafunda ndi ya kumanja. Kathumba ka mpango kali kumanjanso. Ine ndasoka mabowo zaka khumi ndi ziwiri, sindinabowolepo jekete la mwamuna kumanja."

"Mayi, choyamba chija ndachikhulupirira. Analitenga Loweruka, m'manja mwa amuna anu."

Kunamveka kabati ya makina osokera ikutsegulidwa. Dzanja linatulukanso, litafumbata kanthu kokulunga m'chigamba. Twaha anamasula. Chinali chidindo champhira, chogwirira chake chitada ndi inki.

"Chinagwera mkati mwa jekete podzera pa thumba lobookalo. Amuna anga anachidinda pa nsalu n'kukafunsa wodziwa kuwerenga. Ndi cha kampani, chodindira ziphaso za anthu opita ku Halale ndi ku Joni. A Wilkins ankagulitsa ziphaso zabodza kunyumba kwawo. Mng'ono wanga anagula chimodzi chaka chatha. Anamugwira pa malire, mpaka lero ali m'ndende." Anapuma. "Amuna anga anati jekete akapereka, koma ichi akapereka kwa mwini kampani. Ndinawaletsa kuti asakawauze a Wilkins zimenezo. Iwo anati munthu umayamba wamuchenjeza."

*

Wilkins anafika ku polisi faifi koloko isanakwane, atatengedwa ku ofesi kwake. Anali wamtali, wosalala, atavala jekete lomwe lija. Anapereka moni kwa mzungu m'Chingerezi, Twaha osamuyang'ana n'komwe.

"Bwana, ine ndimalemekeza lamulo, koma kundichotsa pa desiki kawiri sabata imodzi chifukwa cha miseche ya kumsika, izi zikuwononga mbiri yanga."

"Kwazizira, a Wilkins," anatero Twaha. "Mangani mabatani."

Wilkins anaseka monyoza, koma anamanga. Pamene zala zake zinkayenda pa mabatani, Twaha anaona zikhadabo zitatu za kudzanja lamanja zili zofiirira.

"Munati chithunzi chanu anatsuka ndi a Fabiano?"

"Ndinatero."

"Inu simunagwireko mankhwala?"

Wilkins analowetsa dzanjalo m'thumba. "Ndi inki iyi. Ndine kalaliki."

Twaha anayala patebulo zithunzi ziwiri za akwati aja, zikadali zonyowa, china mithunzi ili uku, china ili uko. Anafotokozera mzunguyo mwachidule za mbali yoterera ndi mbali yambuu. Kenako anaimika chithunzi cha Wilkins pafupi ndi chifuwa cha mwini wake, napereka galasi lija.

"Bwana, onani mbali imene yafunda inzake pa munthuyu. Ndiye muone pa pepalapo."

Bwana Mapepala anayang'ana munthu, nayang'ana pepala, nayang'ananso munthu. Anadzigwira pa jekete lake lomwe. Khosi lake linayamba kufiira.

"Ndi kulakwitsa kwa makina chabe," anatero Wilkins mofulumira. "Aliyense angathe kutembenuza filimu mwangozi."

"Zoona," anavomera Twaha. "Ndiye tiibweze m'malo mwake. Mthunzi wanu ukuloza ku Ndirande. Munajambulidwa dzuwa litapendeka. Tiuzeni kumene munali m'mawa."

Wilkins anatsegula pakamwa, koma Twaha anali ataika kale chidindo chija patebulo. Mzunguyo anachitenga, nachinyowetsa pa inki, nachidinda pa chikuto cha faelo. Anawerenga zimene zinatuluka, nadzutsa mutu pang'onopang'ono.

Wilkins anayang'ana chidindocho nthawi yaitali, mapewa ake n'kugwa.

"Telala ntchito yake ndi kusoka," anatero motsitsa, m'Chinyanja tsopano. "Ndinamupempha bwinobwino. Ndinamugwadira, ine, pa fumbi la kuseri kwa mashedi. Akanangondibwezera."

*

Twaha anakatsegula yekha chitokosi. Sumaili anatuluka akutsimphina, nalandira lamba ndi kofia yake osanena zikomo. Anaima pakhonde la polisi akuyang'ana nkhungu imene inali itameza Limbe yense.

"Lole yanu ili kuseri," anatero Twaha. "Pitani mukapume."

"Mikaili anamuika liti?"

"Loweruka lomwelo, dzuwa lisanalowe."

"Anamusambitsa ndani?"

"A shehe ndi anthu a kumzikiti."

Sumaili anagwedeza mutu. Anavala kofia yake mosamala, naikonza ndi manja onse awiri.

"Inali ntchito yanga imeneyo," anatero. "Tiyeni, Sajeni. Mukandionetse pamene mwamugoneka."

Twaha anatsamiritsa njinga yake kukhoma, ndipo awiriwo anatsika masitepe wapansi.